Yankho lochedwa kwa amalume: tizilombo timasambiradi

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Nkhotakota. Madzulo ena tili pakhonde, amalume anga, amene akhala akupha nsomba panyanja ine ndisanabadwe, anandifunsa funso limene wophunzira aliyense wa chaka chomaliza amaliopa. Iwo anali akusoka ukonde, ine ndikungotokosa foni.

"Mphwanga, ndamva kuti chaka chino aliyense akuchita kafukufuku wake. Wako ndi wa chiyani?"

"Ndikufufuza momwe tizilombo tosaoneka ndi maso timasambirira m'madzi, amalume."

Anasiya kusoka n'kundiyang'ana. "Ngongole yonse ija watenga kuti ukaphunzire kusambira kwa tizilombo? Ukanangobwera kuno, ine ndikanakuphunzitsa kusambira ulere."

Aliyense pakhondepo anaseka, nanenso ndinaseka nawo, koma mumtima munawawa pang'ono chifukwa yankho ndinalibe. Anzanga a m'kalasi mwathu asankha mitu yomveka kwa aliyense: wina magetsi a dzuwa, wina mbaula zosatha nkhuni, wina zivomezi za ku Karonga. Amenewo akafunsidwa kumudzi savutika. Ine ndinangoti "ndi zovuta kufotokoza," mawu amene munthu amanena akagonja. Zimene ndikulemba panozi ndi zimene ndikanayankha tsiku lija ndikanakhala wachangu pakamwa.

Nkhaniyi inayamba ndili chaka chachiwiri. Mnzanga wina wophunzira bayoloje anandiitanira ku labu kwawo kuti ndikaone madzi amene anatunga pachithaphwi cha kuseri kwa hositelo yathu. Chibadwire ndinali ndisanayang'anepo mu maikulosikopu. Kusekondale kwathu tinkangoijambula m'kope n'kulemba mayina a ziwalo zake. Nditayang'ana ndinaona zimene Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft, anaona m'zaka za m'ma 1670: dontho limodzi lodzaza ndi zamoyo, zina zobulungira, zina zazitali, zonse zili piringupiringu ngati pa tsiku la msika. Mnzangayo anali kalikiliki kutchula mayina, koma ine maso anga anakodwa ndi china. Tinthu timeneti tikafuna kuima timangoima. Kali pa liwiro, kenaka kali njo, ngati wina wadina batani loimitsa filimu. Kenaka kabwerera m'mbuyo pa liwiro lomwelo, osayamba kachepetsa kaye. Kwa munthu amene wakhala zaka akuloweza malamulo a Newton, zimenezi zinaoneka ngati kuswa lamulo masanasana.

Taganizirani bwato la amalume. Akapalasa kamodzi n'kutulutsa nkhafi m'madzi, bwato siliima, limapitirira lokha mamita angapo. Wakabaza naye akasiya kupalasa pamalo osalala, njinga imayendabe. Zonse zimene matupi athu amadziwa pa nkhani yoyenda zinamangidwa pa mfundo imeneyi, yakuti chinthu chikayamba kuyenda chimasunga liwiro lake. Ndi lamulo loona, koma limaonekera kwa zinthu zazikulu, zimene madzi sangathe kuzigwira nthawi yomweyo.

Amene anatisiyira njira yoyezera zimenezi ndi Osborne Reynolds, pulofesa wa ku Manchester, amene mu 1883 ankathira inki m'madzi oyenda m'mapaipi agalasi pofuna kuona nthawi imene madzi amasiya kuyenda mwabata n'kuyamba kuwinduka. Nambala imene imatchedwa ndi dzina lake imayerekeza zinthu ziwiri: liwiro limene chinthu chimasunga, ndi kugwira kwa madzi, kuja kumene kumachititsa kuti supuni iziyenda movutikira mu uchi kusiyana ndi mu tiyi. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Tengani kukula kwa chinthu m'mamita, chulukitsani ndi liwiro lake, kenaka gawani ndi nambala yoimira kugwira kwa madzi, imene ndi pafupifupi 0.000001. Munthu wosambira, tingoti wa mita imodzi woyenda mita imodzi pa sekondi, amapeza 1,000,000. Bakiteriya wa m'matumbo mwathu wotchedwa E. coli ndi wotalika pafupifupi ma micrometre awiri, ndipo micrometre imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000. Amayenda ma micrometre pafupifupi 30 pa sekondi. Nambala yake imatuluka 0.00006. Madzi ndi omwewo amene ife timamwa, koma kwa iye ndi olimba kuposa phala la dzulo.

Edward Purcell wa ku Harvard, amene anali atalandira kale mphoto ya Nobel mu 1952 pa ntchito ina, anakamba nkhani yotchuka pa mutu umenewu mu 1976, ndipo inasindikizidwa chaka chotsatira. Ndi masamba ochepa chabe, okhala ndi zithunzi zojambula pamanja, ndipo wophunzira wa chaka chachiwiri akhoza kuitsatira mpaka kumapeto. M'menemo anawerengera kuti bakiteriya akasiya kupalasa, mtunda umene amapitirira nawo asanaime sufika ngakhale pa kukula kwa atomu imodzi. Masamuwo ndinawabwereza ndekha katatu poganiza kuti ndasokoneza maziro. Sindinasokoneze. M'kalasi timakonda kumuseka Aristotle chifukwa ankaphunzitsa kuti chinthu chimayenda pokhapokha pali china chimene chikuchikankha. Kwa bwato analakwitsadi. Kwa bakiteriya mkuluyu ananena zoona.

Apa ndi pamene nkhani imayamba kukoma, chifukwa m'dziko lotere kusambira kwathu sikugwira ntchito. Purcell anapereka chitsanzo cha scallop, nyama ya m'nyanja zamchere yokhala ndi zigoba ziwiri zotseguka ngati chitseko. Imatsegula pang'onopang'ono, n'kutseka mwadzidzidzi, madzi n'kufwamphuka, iyo n'kupita patsogolo. Muichepetse ifike pa msinkhu wa bakiteriya, siingapite kulikonse. Potseka ipita patsogolo, potsegula ibwerera pamalo pomwe inali, ndendende. Kufulumira kapena kuchedwa sikusintha kanthu, chifukwa palibe liwiro losungidwa. Chimene chimawerengedwa ndi ndondomeko ya momwe thupi lapindikira. Kuyenda kulikonse kumene kubwerera kwake kumangotsata mapazi a kupita kwake kumathera pa ziro. Amalume amathawa vutoli potulutsa nkhafi m'madzi n'kuibweza kutsogolo kudzera mumpweya. Bakiteriya alibe koitulutsira nkhafi yake.

Kunena zoona, zimenezi sindinazikhulupirire mpaka nditaziona ndi maso. Pa intaneti pali filimu yakale ya m'ma 1960 ya G. I. Taylor, katswiri wa ku Cambridge amene mu 1951 analemba masamu oyambirira a kusambira kwa tinthu tating'ono. Amaika madzi olimba pakati pa mabotolo awiri, lina m'kati mwa linzake, n'kudonthezamo utoto. Akazunguza botolo lam'kati kangapo utoto uja umamwazika n'kuoneka ngati wasungunuka. Akalizunguza mobwerera, kuchuluka komweko, utoto umasonkhananso n'kukhala dontho monga poyamba. Ndinaganiza kuti angobweza filimu m'mbuyo. Ndiye ndinagula mabotolo atatu a glisalini, yemweyu timadzola nthawi yozizira, amene ndi wolimba kuposa madzi koposa ka 1,000, n'kutenga tambula yagalasi ndi kabotolo kopanda kanthu. Ulendo woyamba ndinangothira inki ya m'cholembera, inayandama pamwamba, zonse zinaonongeka. Ulendo wachiwiri ndinasakaniza kaye inkiyo ndi glisalini pang'ono n'kuilowetsa pakati ndi kapaipi komwera zakumwa. Dzanja linanjenjemera, choncho dontho silinabwerere lokongola ngati la Taylor, koma linabwerera. Mnzanga wa m'chipinda, amene amaphunzira za malamulo, anati ndikachitanso zimenezi usiku asamuka.

Nanga tizilomboti timayenda bwanji? Timachita zinthu zimene sizibwerera m'mapazi ake. Umuna wa munthu ndi wa nyama umagwedeza kamchira kofewa, funde n'kumayenda kuchokera kumutu kupita kunsonga, mbali imodzi yokhayokha. E. coli anasankha njira ina: timichira take ndi topotana ngati sikuluwu, ndipo amatizunguza. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankaganiza kuti timichirati timangogwedezeka, chifukwa ndani akanakhulupirira kuti chamoyo chingakhale ndi gudumu? Mu 1973 Howard Berg ndi Robert Anderson analemba kuti umboni ukuloza ku kuzungulira. Chaka chotsatira Michael Silverman ndi Melvin Simon anamata kamchira ka bakiteriya pagalasi, ndipo poti kamchira sikakanathanso kuzungulira, thupi lonse ndi limene linayamba kuzungulira. Patsinde pa kamchira kalikonse pali kainjini kopangidwa ndi mapuloteni, koyendetsedwa ndi ma proton olowa m'thupi la bakiteriyayo, ndipo kamazunguza kamchira maulendo pafupifupi 100 pa sekondi.

Koma kuyenda ndi theka chabe la vuto. Kanthu kakang'ono chotere kamamenyedwa mbali zonse ndi mamolekyu a madzi, amene sapuma. Kunjenjemera kumeneku anakufotokoza Robert Brown mu 1827, ndipo Einstein anakupezera masamu mu 1905. Kwa bakiteriya zikutanthauza kuti sangayende mowongoka kwa nthawi yaitali: pakangotha masekondi pafupifupi khumi, madzi amakhala atamutembenuza moti sakulozanso kumene ankaloza. Tangoganizani kupalasa usiku wa mdima, wina n'kumakupotozerani bwato mwakachetechete. Komanso ndi wamfupi kwambiri moti n'kovuta kuti asiyanitse fungo la chakudya kumutu ndi kumchira, monga ife timatembenuzira mphuno kumene kukuchokera fungo la nsomba yowotcha.

Chimene amachita ndi ichi, ndipo Berg ndi Douglas Brown anachiona mu 1972 atapanga maikulosikopu yotha kulondola bakiteriya mmodzi. Amathamanga pafupifupi sekondi imodzi. Kenaka injini ina imatembenuka, timichira timabalalika, iye n'kugubuduka kwa kanthawi kochepa, n'kuyambanso kuthamanga kulowera kwina kulikonse. Ali paulendo amayerekeza chakudya chimene akumva tsopano ndi chimene ankamva masekondi angapo apitawo. Zikamawonjezeka amachedwa kugubuduka, zikapanda kutero amagubuduka monga mwa nthawi zonse. Basi. Sadziwa kumene chakudya chili, amangotalikitsa maulendo amene akumuyendera bwino, ndipo pamapeto pake amafika. Sindinaonepo njira ina yosakira chinthu yotchipa chotere imene imagwira ntchito.

Mpaka apa amalume akanati, "Zosangalatsa ndithu, koma zikutikhudza bwanji?" Ndiye ndikanawakumbutsa za Januwale 2023, ngakhale kuti safunika kukumbutsidwa chifukwa ndi iwo amene ananyamula mng'ono wanga pa njinga usiku kupita naye kuchipatala. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unali utafika pachimake, ndipo pomwe unkatha unali utapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mwana amene m'mawa ankasewera mpira, pofika pakati pa usiku maso anali atalowa m'kati, khungu ukalitsina osabwerera. Anachira, tikuthokoza Mulungu ndi anamwino amene sanagone usiku umenewo.

Kachilombo kamene kanatsala pang'ono kumutenga ndi kosambira, ndipo dzina lake lenilenilo likunena zimenezo. Filippo Pacini, dokotala wa ku Florence amene anakaona mu 1854, anakatcha vibrio, kuchokera ku mawu a Chilatini onena za kugwedezeka. Kali ndi kamchira kamodzi kokha kumapeto, injini yake imayendera sodium, yemwe uja wa mu mchere, ndipo kamathamanga kuposa E. coli. Matumbo athu ali ndi chitetezo cha mamina okhuthala amene amakuta khoma lake, ndipo kusambira ndi kumene kumathandiza kachilomboka kudutsa m'menemo kukafika pamene kamamatirira n'kuyamba kutulutsa poizoni wake.

Pano ndiyenera kusamala, chifukwa n'kosavuta kunama. Chimene chinapulumutsa mng'ono wanga si fizikisi ya kusambira. Ndi madiripi, madzi a mchere ndi shuga, ndi anthu amene anadziwa chochita. Chimene chidzathetse kolera m'Malawi ndi madzi aukhondo, zimbudzi, klorini ndi katemera, ndipo zonsezi tikuzidziwa kale popanda nambala ya Reynolds. Wina atandipatsa ndalama n'kunena kuti ndisankhe pakati pa mjigo wa m'mudzi mwathu ndi kamera ya kafukufuku wanga, ndingasankhe mjigo, ndipo sindingaganize kawiri. Ophunzira a sayansi tili ndi chizolowezi choipa cholemba pa tsamba loyamba la kafukufuku aliyense kuti "zotsatira zake zidzathandiza kuthetsa umphawi," ngakhale tikudziwa kuti tikungokometsa. Sindikufuna kuwanamiza amalume mwa njira imeneyo.

Chimene chinandigwira mtima kwenikweni ndi kachilombo kena, ka kwathu komwe. Aliyense wokulira pafupi ndi nkhalango ya Nkhotakota, kapena ku Rumphi kufupi ndi Vwaza, amadziwa kashembe ndi matenda a kaodzera. Kachilombo kake, Trypanosoma brucei, kamakhala m'magazi, poyera penipeni, pamene chitetezo cha thupi chili ponseponse. Thupi limatumiza ma antibody, amene amamatirira pakhungu la kachilomboka ngati zizindikiro zoitanira asilikali kuti adzakaphe. Mu 2007 Markus Engstler ndi anzake ku Germany anaonetsa momwe kamazembera. Kachilomboka sikasiya kusambira. Pamene kakupita patsogolo, madzi amene akukhuza thupi lake amakokera ma antibody aja kumbuyo, chifukwa amatuluka pamwamba pa khungu ngati matanga a ngalawa. Kumbuyoko kuli kathumba kamene kamawameza n'kuwagaya. Pasanathe mphindi zochepa khungu layera. Ofufuzawo atalepheretsa tizilomboti kusambira cha kutsogolo, kuyeretsa kumeneku kunasokonekera.

Nditawerenga zimenezi ndinakhala kaye chete. Kugwira kwa madzi kuja, kumene ndinkakuona ngati chopinga chimene tizilombo timalimbana nacho, kachilombo aka kakusandutsa bafa. Dokotala amene sanaphunzire za kayendedwe ka madzi sakanaliona yankho limeneli, ndipo wa fizikisi amene sanamvepo za kaodzera sakanadziwa kuti pali funso. Si njira yokhayo imene kachilomboka kamadzitetezera, kamasinthanso chovala chake cha mapuloteni nthawi ndi nthawi. Ndiponso mankhwala atsopano akumwa a fexinidazole, amene anayesedwa ku Rumphi ndi ku Uganda kuti alowe m'malo mwa melarsoprol, jakisoni wa arsenic amene ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 alionse, sanachokere ku fizikisi imeneyi. Komabe sindingathenso kuganiza za kaodzera ngati nkhani ya achipatala okha.

Likodzo nalo ndi chimodzimodzi. Timphutsi timene timatuluka mu nkhono n'kutiboola khungu tikamasamba kunyanja ndi tosambira, totalika pafupifupi theka la milimita, tokhala ndi mchira wa mphanda. Sitidya kanthu tikatuluka mu nkhono, choncho tili ndi maola owerengeka oti tipeze munthu mphamvu zisanathe. Gulu la Manu Prakash ku Stanford linajambula kasambiridwe kake n'kupeza kuti mphanda ija ndi imene imatithandiza kuthawa msampha wa scallop uja. Ine ndinadwalapo likodzo ndili sitandade 5, ngati ana ambiri a m'mbali mwa nyanja. Nkhono zili pa doko la amalume. Koma amene anakhala pansi n'kufunsa kuti kamphutsika kamasambira bwanji ali ku California. Zimenezi zimandinyansa pang'ono, ndipo sindikuwada iwowo ayi.

Mbali ya phunziroli imene imatchuka m'nyuzi ndi ya tinthu tosambira topangidwa ndi anthu. Mu 2004 gulu la ku Penn State linapanga timitengo tachitsulo, theka golide theka platinum, timene timayenda tokha tikaikidwa m'madzi osakaniza ndi hydrogen peroxide. Mu 2007 ku Sheffield anachita zofanana ndi timipira tapulasitiki topakidwa platinum mbali imodzi. Tilibe mchira, tilibe chiwalo chogwedezeka. Platinum imaphwanya peroxide mbali imodzi yokha, ndipo kusiyana kwa mbali ziwirizo ndi kumene kumakankha. Mu 2010 magulu awiri, lina ku Rome lina ku Argonne ku America, anaika timagiya ta mano opendekeka pakati pa khamu la mabakiteriya, timagiyato n'kumazungulira mbali imodzi. M'madzi wamba zimenezi sizingachitike, ngakhale mamolekyu amenye chotani, chifukwa malamulo a kutentha amaletsa. Zimatheka chifukwa bakiteriya aliyense akuwotcha chakudya chake. Fizikisi imene timaphunzira ya mpweya ndi madzi inamangidwa pa tinthu takufa, tongokankhidwa. Ya khamu la tinthu todziyendetsa tokha ikulembedwa panopa, ndipo sinathe.

Nkhani zoterezi nthawi zambiri zimathera pa lonjezo lakuti posachedwa timaloboti tidzasambira m'mitsempha kukapereka mankhwala pamalo enieni odwala. Ine ndimakayika, makamaka pa mawu akuti posachedwa. Peroxide ndi poizoni m'thupi. Magazi, ngakhale m'timitsempha tating'onoting'ono, amathamanga kuposa tinthu timeneti maulendo ambirimbiri, ndiye zili ngati kuuza mwana wa bakha kuti akwere mathithi a Kapichira. Anthu anzeru akulimbana nazo, ena pogwiritsa ntchito maginito, ndipo mwina adzapambana. Koma zikadzatheka zidzafika mochedwa kuchipatala chimene mng'ono wanga anagonekedwa, ndipo sindingamange yankho langa kwa amalume pa lonjezo la eni ake.

Yankho langa ndi lotsika kuposa pamenepo. Mbali zambiri za fizikisi yamakono sitingazichite kuno. Sitidzamanga makina ngati a ku CERN, ndipo telesikopu yaikulu tidzangoiona pa zithunzi. Timaphunzira zinthu zimenezi ngati nkhani za kutali, kuloweza, kulemba mayeso, kuiwala. Koma phunziro ili zida zake zoyambira ndi maikulosikopu wamba, kamera ya foni, laputopu ndi madzi a pachithaphwi. Mapulogalamu olondolera tinthu mu vidiyo, monga ImageJ, ndi aulere. Prakash yemwe uja anapanganso maikulosikopu yapepala yotchedwa Foldscope, imene zipangizo zake sizikwana dola imodzi. Sindikunena kuti ndi foni tingapikisane ndi labu ya ku Stanford. Pali zoyeza zina zofuna kamera zojambula zithunzi mazanamazana pa sekondi. Koma kusiyana kwake si kwa kumwamba ndi pansi monga kulili m'mbali zina. Ndipo chinthu chimodzi tili nacho chimene iwo amachita kuitanitsa pa ndege: tizilomboto. Ambiri mwa masamu a phunziroli anayesedwa pa E. coli wa mu labu, woleredwa ngati nkhuku ya chizungu. Za m'madambo mwathu, m'zitsime ndi m'mphepete mwa nyanja zikungodikira wozifunsa.

Chotchinga chachikulu chimene ndakumana nacho si ndalama. Ndi khoma limene lili pakati pa maphunziro. Kwa a fizikisi, chinthu chamoyo ndi cha a bayoloje. Kwa a bayoloje, chinthu chokhala ndi masamu ambiri ndi cha a fizikisi. Nditapereka mutu wanga, funso loyamba linali lakuti kodi imeneyi ndi fizikisi. Maikulosikopu ili m'nyumba ina, amene amadziwa masamu a madzi ali m'nyumba ina, ndipo kuti ndibwereke chida kwa maola awiri pamafunika kalata yodutsa m'manja atatu. Sindikuloza chala munthu, aliyense akutsata dongosolo limene analipeza. Koma Purcell anali wa fizikisi ya maginito ndi maatomu, Berg anayamba ndi fizikisi asanapite ku mabakiteriya, Taylor anali wa masamu a mphepo ndi mafunde. Phunziroli linabadwa chifukwa anthu anayang'ana kuseri kwa mpanda. Ife timafika chaka chachinayi cha fizikisi tisanagwirepo maikulosikopu, ndipo anzathu a bayoloje amamaliza osamvapo dzina la Reynolds. Sabata imodzi yokha ya labu yophatikiza magulu awiriwa, m'chaka choyamba, ingasinthe zambiri ndipo singadye ndalama.

Pali mnzanga amene amanditsutsa, ndipo mfundo yake ndi yolemera. Iye amati dziko losauka lilibe mpata wofufuza zinthu chifukwa chongofuna kudziwa. Wophunzira aliyense amene anthu amulipirira ayenera kubweza ndi chinthu chogwirika. Ndimamumvetsa, ndipo masiku ena, makamaka ndikakumbuka ngongole ija, ndimagwirizana naye. Chimene ndimakana ndi ganizo lobisika m'kati mwake, lakuti kufunsa mafunso ndi ntchito ya ena, ife yathu ndi kulandira mayankho n'kuwagwiritsa ntchito. Takhala tikuchita zimenezo nthawi yaitali. Mayankho amabweradi, koma amabwera pa nthawi ya eni ake, a mafunso amene eni akewo anawaona kuti ndi ofunika.

Kafukufuku wanga weniweni ndi wamng'ono moti ndikuchita manyazi kumutchula pambuyo pa mayina onsewa. Ndikujambula tizilombo ta m'madzi a malo osiyanasiyana, n'kuyeza liwiro lake ndi nthawi imene timatenga tisanasinthe kolowera, kenaka ndikuwonjezera glisalini pang'onopang'ono kuti ndione momwe zimasinthira madzi akamalimba. Masabata atatu oyamba ndinasangalala kwambiri chifukwa tizilombo tonse tinkaoneka kuti tikulowera mbali imodzi, ndipo ndinayamba kale kuganiza za mutu wa pepala langa. Kenaka ndinazindikira kuti ngakhale tizinyalala takufa tikulowera komweko. Madzi ankauma m'mphepete mwa kagalasi kovundikira, n'kumakoka zonse. Mavidiyo 14 ndinawataya. Tsopano ndimamata m'mphepetimo ndi Vaseline, nzeru imene mnzanga wa bayoloje uja akuti aliyense kwawo amaidziwa kuyambira chaka choyamba.

Sabata yatha ndinawaimbira foni amalume kuwapempha kuti anditumizire madzi a pa doko lawo m'botolo. Ndinkayembekezera kusekedwanso.

"Ukufuna a pati?" anafunsa. "A pamchenga pamene amayi amachapira, kapena a m'bango? Chifukwa si amodzi amenewo. A m'bango ndi ofunda, ndipo nkhono zimakhala kumeneko."

Ndinali ndisanaganizeko zimenezo. Ndinati anditumizire onse awiri.

"Nanga a m'mawa kapena a masana?"

Mabotolo anayi afika dzulo pa minibasi, atakulungidwa m'jumbo ya shuga, lililonse lolembedwa ndi makala pa kapepala. Limodzi latayikira m'njira ndipo kondakitala anandilipiritsa kawiri chifukwa cha fungo. Ndawaika pawindo, ndipo labu ya a bayoloje andipatsa Lachinayi, kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko.